ZA M'BANJA MWATHU: Galimoto ya Rimoti Itakana Kukhota

Mwezi uno nkhani yathu ndi ya coseweretsa ca ana. Musafulumire kutsegula tsamba lina poyesa kuti za zidole ndi zacibwana, pakuti m'nyumba imene tikunenayi munatsala pang'ono kulira mkwapulo cifukwa ca cidole, ndipo tikhulupirira kuti mkwapulo wotere umalira m'makomo ambiri popanda wofunsa ngati mwanayo analakwadi.

Pa Khirisimasi yapitayi tinali ku Chama, kwa banja lina lolima mpunga monga acitira mabanja ambiri a m'cigwa ca Luangwa. Mlongo wao wa amai a panyumbapo, amene amagwira nchito ku Lusaka, anabwera kudzaona abale, ndipo mwana wa mlongo waoyo, mnyamata wa zaka 11, anamubweretsera galimoto ya mawilo akuluakulu yoyendera batire, yoongoleredwa ndi kabokosi kogwira m'manja kamene ana amati rimoti. Masiku anai athunthu pabwalo panali ngati pamsika. Ana a m'makomo onse anali pambuyo pake, ndipo ngakhale akuluakulu ankaima ndi makasu pa phewa kuti aone cozizwitsaco. Tsiku lacisanu, amalume atakwera kale basi, galimoto ija inagunda muzu wa mango ili pa liwiro. Kucokera pamenepo inkapita kutsogolo ndi kumbuyo bwinobwino, koma kukhota inakana. Mwana akapotoza rimoti, m'kati munkangomveka kukukuta, mawilo osasuntha.

M'mawa mwake atate a mnyamatayo anamupeza kuseri kwa nkhokwe, galimoto ili zidutswazidutswa pa thumba, timasikuluwu ataticingira m'civindikiro ca polishi, m'manja muli msomali umene anauphwathalalitsa ndi mwala kuti ukhale comasulira. Atate anathyola kamtengo.

“Iwe, wacita ciani? Cinthu ca ndalama zambiri cotere, amalume ako asanafike ndi ku Lusaka komwe, wacipha kale!”

“Sindinaphe ai, atate. Taonani, mano a kagiya aka ndi amene aguluka.”

Agogo aakazi, amene anali kupeta mpunga capafupi, anaika licero pansi nati, “Inu, taikani kamtengoko pansi, mwanayo ayambe wanena. Kodi uja anakonza mabuleki a njinga yanu mwezi watha ndani?”

Kamtengo kanaikidwa pansi. Ife tinasendera kuti tione cimene mwanayo anali kuloza, ndipo zimene tinaphunzira tsiku limenelo ndi masabata otsatira ndi zimene tifuna kugawana nanu.

Kabokosi kamene kamamva

Kacipangizo kamene kanaonongeka dzina lake ndi servo. Ndi kabokosi kakang'ono, kena kosafika ndi bokosi la macesi lomwe, ndipo nchito yake ndi kukankha mawilo a kutsogolo kuti aloze kumene woyendetsa akufuna. M'kati mwake muli zinthu zinai: kamota, timagiya tolumana mano, kacipangizo koyeza pamene mkono wa servo wafika, ndi kabolodi ka magetsi kolamula zonsezi. Kamotako kali ndi liwiro koma mphamvu kalibe. Timagiya ndi timene timacepetsa liwirolo ndi kulisandutsa mphamvu, monga icitira lole pokwera citunda ndi giya yoyamba. Koyezerako nkofanana ndi kaja timapotoza pokweza mau a wailesi.

Mwana akapotoza rimoti, uthenga umafika ku servo pafupifupi ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo kutalika kwa uthenga uliwonse ndiko kumanena pamene mkono uyenera kukhala. Tikagawa sekondi m'magawo 1,000, uthenga wotalika gawo limodzi ndi theka utanthauza pakati, wa gawo limodzi utanthauza mbali ina, wa magawo awiri mbali inayo. Kabolodi kaja kamayerekeza pamene mkono uli ndi pamene wauzidwa kukhala, ndipo ziwirizi zikasiyana kamayendetsa mota kufikira zitagwirizana. Ndiye kuti servo imamva cimene cikucitika ku mawilo, nidzikonza yokha. Mwala ukakankha wilo, iyo imakankha mobwezera. Koma mphamvu ya mwala ndi mphamvu ya mota zimakakumana pa mano a timagiya, ndipo manowo akakhala a pulasitiki, amaguluka. Muzu wa mango uja unacita zimenezi. Mwana wopotokola mawilo ndi manja mwamphamvu amacitanso cimodzimodzi.

Tikucenjezeni pano kuti magalimoto ambiri ochipa amene timagula m'masitolo pa Khirisimasi alibe servo yeniyeni. Ali ndi kamota kapena kamaginito kongoponya mawilo kumapeto kwa kumanja kapena kwa kumanzere, kenaka sipiring'i niwabwezera pakati. Mudzawazindikira cifukwa sadziwa kukhota pang'onopang'ono. Otere kuwaikira servo sikutheka popanda kusintha za magetsi zonse. Kunja amawala mofanana, koma paja cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Anadziwa bwanji mwanayu?

Funso limene linativuta linali lakuti: mwana amene anali asanagwirepo rimoti cibadwire, anadziwa bwanji poyang'ana? Yankho linali litatsamira cipupa ca nkhokwe yomweyo. Inali galimoto yake ya waya, ya mawilo a zitini za polishi zokutidwa ndi mphira, yomangidwa m'mfundo ndi malegeni odula ku chubu cakale, ndi ciongolero cacitali cofika m'cuuno.

Tonsefe tinakula tikuona magalimoto a waya, koma ndi angati mwa ife amene tinawerama ndi kuyang'ana kutsogolo kwake? Mwana woyamba kumene luso amapanga mtanda umodzi wonyamula mawilo awiri, wozungulira pa msomali umodzi wa pakati. Galimoto yotere imakhota, koma ikakhota kwambiri imagubuduka, cifukwa mawilo a kutsogolo amalowa pansi pa thupi lake. Mwana amene wapsa pa luso amapatsa wilo lililonse pozungulira pakepake, nalumikiza awiriwo ndi kawaya kopingasa, kuti akapotoza ciongolero onse akhotere pamodzi. Umu ndi mmene alili magalimoto enieni, ndipo ndi mmene inalili galimoto ya rimoti ija. Kusiyana kunali kumodzi kokha: pamene mnyamata amaika dzanja lake kudzera m'waya wautali, opanga galimoto ya rimoti anaikapo servo.

Tinaonanso kuti timikono togwira kawaya kopingasa anatipindira m'kati pang'ono. Titamufunsa cifukwa cake anati akapanda kutero, wilo limodzi limakhula pansi pokhota. Mwanayo sanadziwe kuti wakhudza nzeru imene akatswiri amaiphunzitsa m'makoleji. Pokhota, wilo la m'kati limayenda bwalo laling'ono kuposa la kunja, conco liyenera kupendeka kwambiri kuposa linzake. Mmisiri wa ngolo zokokedwa ndi akavalo wa ku Munich, dzina lake Georg Lankensperger, ndiye anakonza njira yocitira zimenezi, ndipo Rudolph Ackermann anailembetsa ku London m'caka ca 1818. Mpaka lero amakanika amaichula ndi dzina la Ackermann. Mnyamata wathu anaipeza yekha pa fumbi la ku Chama, pogubuduza ndi kupindanso waya mpaka galimoto inamvera.

Poyembekeza cipangizo catsopano, mwanayo sanakhale manja lende. Anacotsa servo yakufayo, namanga waya wautali ku kamtanda ka mawilo, nauza mlongo wake wamng'ono kuti agwire rimoti. Mlongoyo ankapatsa moto, iye akuongolera ndi waya, onse awiri akuthamanga pambuyo. Sitinaonepo galimoto yoseketsa ngati imeneyo, koma inali kuyenda ndi kukhota.

Safunsa anadya phula

Amalume atamva pa foni, anaseka, nalonjeza kutumiza servo ina. Anagula yaikulu ndithu, poganiza kuti kukula ndiyo mphamvu. Phukusi linayenda ulendo wa makilomita oposa 800, kucokera ku Lusaka kudzera ku Chipata ndi ku Lundazi, m'nyengo ya dzinja pamene mseu wa ku Chama umayesa mtima wa woyendetsa aliyense. Litafika, servo inakana kulowa m'malo mwake. Ndalama zinapita, masabata awiri anapita. Ulendo waciwiri mwana anayeza yakaleyo ndi rula ya kusukulu, nawerenga nthambo zake, atate najambula cithunzi ndi foni ndi kutumiza. Kuti inu musataye ndalama cimodzimodzi, nazi zoyenera kufunsa musanagule.

Coyamba ndi msinkhu: utali, ufupi ndi kutalikirana kwa mabowo a masikuluwu. Magalimoto aang'ono amagwiritsa nchito timaservo tating'ono, monga ka mtundu wa SG90 kolemera magalamu 9, ka magiya a pulasitiki, kapena kanzake ka MG90S ka magiya a citsulo. Caciwiri ndi nthambo. Servo yodziwika ili ndi nthambo zitatu: yofiira yobweretsa moto, yakuda kapena yofiirira yobweza moto, ndi yoyera, yacikasu kapena ya mtundu wa lalanje yonyamula uthenga. Koma magalimoto ena ali ndi servo ya nthambo zisanu, imene kabolodi kake kali kunja, pa bolodi lalikulu la galimoto. Ya nthambo zitatu singalowe m'malo mwa imeneyi. Cacitatu ndi mano a pamutu pamene mkono umakhala. Amaoneka ofanana, koma ena ali 23, ena 24, ena 25: a kampani ya Futaba ali 25, a Hitec 24, a JR 23. Mukakakamiza mkono wa mano ena, udzaterereka tsiku loyamba lomwe. Cacinai ndi moto: maservo ambiri anapangidwa kuti azilandira 4.8 kufika 6 volts, ndipo servo yamphamvu kwambiri imamwa moto wambiri, mwina woposa umene bolodi la galimoto yaing'ono lingapereke.

Servo yaciwiri, ya magiya a citsulo, inakwana. Anaiika madzulo, atate atagwira toci. Mwana anafuna kumanga mkono nthawi yomweyo, koma kapepala ka m'phukusi, kamene mlongo wao wamkulu wa ku sekondale anawamasulira, kanawaletsa. Dongosolo lake ndi ili: yambani mwayatsa rimoti, kabatani kosendezera mawilo kali pakati, kenaka yatsani galimoto, servo ili yopanda mkono, kuti ipite yokha pakati pake, mukatero ndiye muongole mawilo ndi kukhazika mkono. Mukaphonya apa, galimoto idzakhota kwambiri mbali imodzi ndi pang'ono mbali inayo. Atayesa, mawilo anapita kumanzere pamene mwana anapotozera kumanja. Atate anati cinthuco ncabodza, koma pa rimoti panali kaswichi kotembenuzira, ndipo vuto linatha ndi cala cimodzi. Potsiriza anamvetsera: mawilo akafika kumapeto servo nikumalirabe ngati njuci, ndiye kuti ikukankha cinthu cosasuntha, ndipo idzapsa. Anasendeza kamtanda ku bowo la pafupi ndi pakati pa mkono, kulira kuja kunaleka.

Panatsala kanthu kamodzi. Pakati pa servo ndi mawilo panali kasipiring'i kamene kankagonja pang'ono wilo likakankhidwa. Atate anati kameneko ndiko kofooketsa ciongolero, ndipo kamangidwe ndi waya kuti kalimbe.

“Pepani atate,” anatero mwana, “pa galimoto yanga ndimamangapo mphira dala pamalo ngati amenewa. Ikagunda mwala, mphira ndi imene imatamuka. Ndikamanga ndi waya wokhawokha, cimathyoka ndi cina.”

Ananena zoona. Kasipiring'i kameneko anakaikira kuteteza servo, ndipo ngakhale kamalephera pa kugunda kwakukulu ngati kwa muzu uja, kamapulumutsa timagiya pa kugunda kwa tsiku ndi tsiku. Magiya a citsulo sathetsa mphamvu ya kugunda. Amangoipititsa ku cina cofooka cotsatira. Atate anakhala cete kanthawi, kenaka anati, “Cabwino, cita monga udziwira.” Ife tinaona kuti mau amenewa anakondweretsa mwanayo kuposa galimoto imene.

Waya acokera kuti?

Sitingayamikire magalimoto a waya popanda kunena za waya amene. Makolo ambiri amene amakwapula ana pa nkhaniyi ali ndi cifukwa comveka: mpanda wa dimba wasololedwa, cingwe coyanikira zovala casowa, sipoko za njinga zazulidwa. Kuno ku cigwa nkhaniyi ndi yolemera koposa, pakuti waya amene mwana amapinda kukhala galimoto ndi yemweyo amene wamkulu amapinda kukhala khwekhwe lochera nyama. Boma la Chama lili ndi dera la nyama la Musalangu, ndipo kutsidya kwa Luangwa kuli nkhalango ya North Luangwa. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'cigwa cino m'caka ca 2003, linadziwika ndi nchito yolimbikitsa anthu kupereka misampha ya waya ndi mfuti, iwo nathandizidwa pa ulimi ndi kupeza msika wa mpunga, nshawa ndi uci. Mwana wopita kuthengo kukatola waya wa misampha akuika moyo wake pangozi, ndipo angathe kupezeka pa mlandu umene sakuudziwa. Za nthambo za magetsi ndiye sitinena zambiri: zimapha, ndipo kuzidula ndi mlandu waukulu.

Mankhwala ake si kuletsa luso. Mwana woletsedwa amakapanga mobisa, ndipo wopanga mobisa ndiye amaba. Kholo ligule mamita ocepa a waya ku sitolo ya zitsulo, kapena lipemphe zotsala kwa omanga nyumba ndi okonza njinga, limupatse mwana poyera, ndi lamulo lakuti waya wina aliyense ayambe wanena kumene wamutenga. Mtengo wake sufika pa mtengo wa galimoto ya batire. Limuphunzitse kupinda nsonga zakuthwa kuti zisalase diso la mnzake, ndi kusaboola kapena kuponya pamoto batire lakutha. Kuongola mtengo mpoyamba.

Cimene cili pa mbale

Tiyeni tiwerenge zinthu zimene zaima m'midzi yathu cifukwa ca kacitsulo kamodzi: mjigo umene amai ausiya nabwerera ku mtsinje kumene kuli ng'ona, cigayo codikira makanika wa ku Lundazi, njinga yamoto yogona m'khonde, makina opunthira mpunga, sola ya pa ciliniki. Kwa mfumu Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa, kwa Chifunda, nkhani ndi yomweyi. Dera lakutali ndi mizinda limakhala ndi moyo cifukwa ca anthu amene saopa kutsegula cinthu cakufa ndi kufunsa kuti cafa pati. Anthu otere sayamba ali ndi zaka 20. Amayamba kuseri kwa nkhokwe, ndi msomali wophwathalala.

Kutsidya kwa malire, m'boma la Kasungu ku Malawi, William Kamkwamba anayamba ndi kumasula mawailesi akufa. Njala ya 2001 ndi 2002 itamucotsa pa sukulu cifukwa cosowa fizi, anapanga makina a mphepo opatsa magetsi pogwiritsa nchito zitsulo zotola, mbali za njinga ndi mapaipi a pulasitiki, ali ndi zaka 14. Anthu a m'mudzi ankamuyesa wamisala. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009, ndipo kanema wake mu 2019. Sitikunena kuti mwana aliyense wopinda waya adzachuka motero. Tikunena kuti banja lake linamulola kudzaza cipinda ndi zitsulo zimene ena ankati ndi zinyalala.

Njira zopitira patsogolo zilipo. Kuyambira mu 2022 boma linacotsa fizi m'masukulu ake kufikira kumapeto kwa sekondale, ndipo caka comweco thumba la citukuko la CDF linakulitsidwa nkuyamba kulipirira acinyamata maphunziro a luso la manja. Ku Chipata kuli sukulu ya zaumisiri ya Chipata Trades. M'masukulu ambiri muli makalabu a JETS, kumene ana amaonetsa zimene apanga. Funsani aphunzitsi ngati kalabu yotere ilipo pa sukulu ya mwana wanu, ndipo ngati inafa, funsani pa msonkhano wa makolo cifukwa cake. Musaiwale ana aakazi. Pa banja lija, amene anawerenga kapepala ndi kupulumutsa servo yaciwiri anali mtsikana, ndipo kamlongo kaja kogwira rimoti tsopano kakupinda galimoto yakeyake.

Kwa inu amalume ndi azakhali a m'tauni, mau athu ndi awa: mukagula coseweretsa, sankhani comangidwa ndi masikuluwu, cimene cingatsegulidwe ndi kutsekedwanso, ndipo m'phukusimo muikemo kasikuludiraiva ndi pulayasi. Popereka, nenani pamaso pa makolo kuti cikafa mwana ali ndi ufulu wocitsegula. Mau amenewo adzapulumutsa mwana ku mkwapulo inu mutapita.

Tamva kuti galimoto ija inayenda mpaka nyengo yokolola mpunga, kenaka batire lake linatheratu, ndipo lina silinapezeke. Ili pamwamba pa kabati. Koma atate aja, njinga yao ikayamba kulira, saitengeranso kumsika. Amaitana mwana, namugwirira toci.

Tilembereni za luso limene mwaona mwa ana anu, ndi mmene munalilandirira. Tidzakumananso pa tsamba lino mwezi wa mawa.